Amapasa Opanda Kadontho

Kompyuta inalira katatu, pii, pii, pii, kenako zii. Sikirini inangokhala bii ngati kunsi kwa poto.

Mwana wanga anazimitsa, n'kuyatsanso. Pii, pii, pii.

"Amayi, taimitsani kaye makinawo," anatero.

Ndinachotsa phazi pa makina osokera. Linali Loweruka m'mawa, ndili ndi mulu wa masiketi obiriwira a yunifolomu oti ndipinde m'munsi, koma nditaona nkhope ya mwanayo ndinadziwa kuti masiketi adikira.

Mwana ndili naye mmodzi yekhayu, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi. Amayendera ndodo ziwiri chichitikireni ngozi ya minibasi ali ku sekondale. Pamdadada wathu amamutchula Injiniya, ena mwachipongwe, ena mwaulemu, iye amangoyankha onse. Bambo ake anali okonza zamagetsi, ndipo ndi magetsi omwewo amene anawapha zaka ziwiri zapitazo, ali pamakwerero m'nyumba ya munthu wina. Musandifunse zambiri pamenepo, ndingatukwane.

Kampani ina inamuitana kuti imuyese ntchito yomvetsera mawu ojambulidwa pamisonkhano n'kumawataipa pa kompyuta ali pakhomo. Ntchito yosafuna miyendo. Mayeso ake Lolemba, eyiti koloko m'mawa, pa intaneti, kamodzi kokha basi. Anati foni ayi, pakufunika kompyuta. Yathunthu ya m'sitolo sitikanaikwanitsa ngakhale nditagulitsa makina ndi bedi lomwe. Ndiye mwanayo anati, "Ndipanga ndekha."

Anatha miyezi inayi akusankha zipangizo. Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma makutu ndili nawo, ndipo ankandilongosolera ine ndikusoka. Bokosi la kompyutayo anatenga lakale la bambo ake, la dzimbiri pakona. Anati bokosi ndi khola chabe, silithamanga. Bolodi, thabwa lobiriwira lija pamene zonse zimakhala, anagula logwirapo kale ntchito. Purosesa, amene akuti ndiye ubongo, anasankha wotha kutulutsa zithunzi payekha kuti tisagulenso kadi ya zithunzi. "Imeneyo ndi ya anyamata a magemu, Amayi, ine ndikufuna zilembo." Posungira zinthu anakana chachikulu chakale chochedwa, n'kutenga kakang'ono kothamanga. Koma pawa, kabokosi kolandira magetsi kuchokera kukhoma, anakanitsitsa yakale.

"Adadi ankati chilichonse ungagule chakale, koma osati chodutsa moto."

Pamenepo sindinatsutse. Ndikanatsutsa ndi pakamwa pati?

Pamene tinakangana ndi pa ramu. Ramu ndi kathabwa kopyapyala ngati rula ya mwana wasukulu yodulidwa pakati, kokhala ndi mano agolide m'mphepete. Akuti ndi pamene kompyuta imaika zimene ikuganiza panthawiyo. Ine ndinati gula imodzi yaikulu tithane nazo. Iye anati ayi, ziwiri zazing'ono zofanana, amapasa, zimathandizana ntchito. Ndinamuuza kuti makani amenewo ndi a kwa bambo ake, kwathu kulibe. Anagula amapasa akewo Lachitatu, ine ndili pomwepo.

Tsopano anawazula pa bolodi n'kuwayang'ana cha kuwindo.

"Amayi, awa si athu."

"Ukuti chiyani?"

"Onani mpatawu." Pakati pa mano agolide aja pamakhala kampata kamodzi, koti kagwirizane ndi kachitunda ka pa bolodi. "Athu anali ndi kampata kakang'ono, kosalala. Uwu ndi waukulu, wokumbika. Ndinapupuluma, sindinayang'anitsitse."

Ndinamulanda. Ine za mipata sindizidziwa. Ndinatembenuza kumbuyo, ndikufuna chinthu chimodzi chokha.

Chiyambireni tsiku limene mlamu wanga, mng'ono wawo wa malemu, ananyamula bokosi la zida za mwamuna wanga tisanabweze n'komwe mipando ya pamaliro, chilichonse cholowa m'nyumba mwanga ndimachidontheza kyutekisi wofiira, wopaka zikhadabo uja. Mbale, ayironi, sizasi, ngakhale ndodo za mwanayu. Anthu amaseka, alekeni aseke. Amapasa aja ndinawadontheza ndekha m'shopu momwemo, pakona, wogulitsa akudandaula.

Awa analibe kadontho. Onse awiri.

"Atibera," ndinatero. "M'nyumba mwanga muno, atibera."

Mwanayo sanalire. Bola akanalira. Anangoti, "Basi Amayi, mwina si yanga ntchitoyi," n'kuyamba kupinda waya wa kiyibodi mwadongosolo, ngati mmene tinkapindira malaya a bambo ake.

"Siya wayayo! Lolemba silinafike."

*

Ndinakhala pampando n'kuyamba kusanthula masiku. Lachinayi m'mawa, ndikupukuta tebulo, timadontho ndinationa ndi maso angawa. Lachisanu tinali pakhomo tsiku lonse kudikira pawa, imene inabwera madzulo. Ndiye kwatsala Lachinayi lomwelo, pamene tinapita kuchipatala kukapimitsa mwendo wa mwanayo, n'kukhala pamzere mpaka dzuwa kupendeka. Loko sanathyole. Mawindo ali ndi zitsulo. Ayironi ilipo, ketulo ilipo, purosesa wodula kuposa ramuyo ali pomwepo. Wakuba wanji amene amatenga chinthu, n'kusiya china m'malo mwake, n'kukukhomeranso chitseko?

Khomo loyandikana ndi lathu ndi la mayi woluka tsitsi. Timamutchula Wailesi, chifukwa satseka. Amakhala pakhonde kuyambira m'mawa, mutu wa munthu uli pakati pa mawondo, maso ali pa makomo a eni ake.

"Anzanga, Lachinayi analowa ndani kwanga?" ndinamufunsa.

"Iii, amake Injiniya, ngakhale moni? Mwadzuka bwanji kaye. Weramani inu, ndingakulukireni khutu." Omalizawo ankauza kasitomala.

"Ndadzuka moipa. Analowa ndani?"

"Ine sindinaone munthu."

"Inu? Inu amene mumadziwa ndi mtundu womwe wa kabudula wamkati wa alandilodi?"

Kasitomala anaseka, Wailesi n'kumukoka tsitsi. Koma Wailesiyo sanaseke. Anayang'ana khomo langa ngati muli galu wolusa.

"Ndati sindinaone. Sindinati sindinamve." Anatsitsa mawu. "Cha m'ma teni ndinali m'kati, ndikutenthetsa madzi oviika tsitsi. Ndinamva kiyi. Ndiye chitseko chanu chija, mukudziwa mmene chimavutira, kuti uchinyamule kaye ndi bondo ndiye chitseguke? Munthuyo sanalimbane nacho ayi. Kamodzi, kwee. Ndinati ndinu, mwaiwala buku la kuchipatala. Kenako mluzu."

"Mluzu wanji?"

"Wa malemu aja, amake Injiniya! Womwe uja ankaimba akamakonza ayironi pakhonde, wokwera kawiri n'kutsika. Ine thupi lonse tsemwe. Ndinakhoma chitseko, mawondo pansi. Ndinapemphera mpaka madzi anaphwa m'ketulo."

"Kenako?"

"Mluzu unadukira panjira, chitseko n'kutsekedwa. Cha m'ma wanu kiyi uja analiranso. Ulendo wachiwiriwu kunalibe mluzu. Kunali kaphokoso, kwecha kwecha kwecha, ngati khoswe akudya thabwa. Ine ndinati mzimu ukufuna zida zake."

"Ndiye masiku awiri onsewa munangokhala chete? Inu?"

"Ndikanayamba bwanji? Kuti amuna anu anabwera, koma anakupezani mwachoka?"

"Mwamuna wanga anali wosauka koma sanali wakuba, wamoyo ngakhale wakufa. Ndipo mzimu sufuna kiyi."

"Nanga mwandifunsiranji ngati mukudziwa zonse?"

Ndinamusiya. Mumtima ndinati zamisala, mayi ameneyu utsi wa mankhwala a tsitsi wamulowa m'mutu. Ndinakulunga timatabwa tija m'kansalu, n'kukakwera basi.

*

Shopu imene tinagulako ili m'kanjira kopanikizika kuseri kwa masitolo aakulu, mmene mumanunkha fumbi ndi waya wopsa. Mwini wake amamutchula Pulofesa, chifukwa amavala magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi, komanso chifukwa funso la mawu atatu amaliyankha ngati ulaliki.

"Mayi wa kyutekisi!" anatero atandiona. "Mwabwera kudzapenta chiyani lero?"

Ndinakhutula timatabwa pa kauntala. "Amene ankadziwa kuti m'nyumba mwanga muli zinthu izi ndinu. Munatuma ndani?"

"Pang'onopang'ono, mayi. Choyamba, m'sayansi sitiyamba ndi yankho. Timayamba ndi..."

"Ine ndiyamba ndi polisi."

Anatsitsira magalasi a pachipumi pamwamba pa anzake. Anayang'ana, anatembenuza, kenako anatulutsa mawu ngati wapondedwa chala.

"Ndani wachita nkhanza zoterezi? Mayi, awa si anga. Awa ndi a mtundu wakale, agogo awo a amene ndinakugulitsani. Kutalika n'kofanana, mano n'ngochuluka mofanana, koma kampata kali pena. Opanga anachitira dala, kuti munthu asalowetse cholakwika. Ndiye wina waona kuti sakulowa, watenga tupa, wapala mpaka alowe. Tupa, mayi! Pa ramu!"

"Ndiye wakubayo ndi wodziwa makompyuta."

"Ayi! N'zimene ndikukana. Wodziwa makompyuta angalolere kudula chala chake. Uyu ndi munthu amene moyo wake wonse, chinthu chikakana kulowa, amachipala. Koma taonani dzanja lake. Wapala mowongoka, mbali zonse mofanana, osaphonya. Mbuli, koma mmisiri."

Kwecha kwecha kwecha. Ndinakumbuka kuti Lachinayi madzulo ndinasesa kafumbi kobiriwira pansi pa tebulo, ndikumati ndi nyenyeswa za nsalu ya masiketi. Kani munthuyo anapalira m'nyumba mwanga momwemo, atakhala pampando wanga.

"Mwana wanu anayatsa ndi zimenezi?" anafunsa Pulofesa.

"Kawiri."

Anavula magalasi onse awiri. Sindinamuonepo maso ake osavala kanthu, anali aang'ono, otopa.

"Ndiye pempherani. Nthawi zina bolodi limangolira n'kukana. Nthawi zina limapsa mwakachetechete, osatulutsa ngakhale utsi. Sitingadziwe mpaka mutaikamo ramu yoyenera."

"Ndipatseni ina tikayese."

"Amapasa aja anali omaliza. Ena afika mwezi ukatha. Ndipo musadzivute n'kuzungulira, mashopu onse a m'kanjira muno amadzatenga kwa ine."

"Lolemba ndi mkuja, bambo."

"Ndikudziwa. Mwana wanu anandiuza. Miyezi inayi wakhala akundifunsa mafunso amene anyamata anga a sukulu yaukachenjede sawaganiza n'komwe." Anakanda ndi chikhadabo kapepala kachikasu komata pa ramu. "Aka ndikukadziwa. Pitani kudepoti ya mabasi, pafupi ndi zimbudzi zolipira. Pali wina amayala katundu pa chitseko chakale. Musanene kuti ndakutumani ndine."

*

Ndinamumva ndisanamuone. Bambo wa imvi ndithu, koma pakamwa ngati injini.

"Mayi mayi, fikani! Chaja, rimoti, batire, zonse orijino! Chimene mulibe ndili nacho, chimene ndilibe simukuchifuna!"

"Izi munagulitsa ndinu?"

Anayang'ana kachikasu, anayang'ana ine, anayang'ana kothawira.

"Katundu akachoka pano sabwezedwa, bwana wanga. Komanso wapala si ine. Anachoka pano ali bwinobwino, orijino."

"Sindikubweza. Ndikufuna munthu amene anagula."

"Aaa, makasitomala anga ndi dziko lonse. Ndingakumbuke nkhope?"

Ndinakhala pa katundu wake. Inde, ndinakhala, pamwamba pa marimoti, ndipo ine si munthu wochepa thupi. Chitseko chija chinalira.

"Ndidzuka mukakumbuka."

"Mayi! Mayi, marimoti! Chabwino, Lachinayi! Lachinayi cha m'ma leveni. Bambo wamtali, thukuta kamukamu. Anatulutsa awiri m'thumba la malaya. Wina wothyoka pakona, mano atatu atachoka, wina wabwinobwino. Akuti ndipatseni ofanana ndi awa. Ndinati gulani mmodzi, wafa ndi mmodzi. Akuti ayi, mwana anati ayenera kukhala amapasa."

Amapasa. Mawu a m'nyumba mwanga, ali pakamwa pa munthu wa kudepoti.

"Ndiye inu munamupatsa a mtundu wina."

"Ndinayeza kutalika! Ndendende! Ine si dokotala, mayi, ndine wabizinesi."

"Akalewo anasiya pano?"

"Ndinamupempha wabwinoyo, anakana. Akuti ali ndi kadontho kofiira, mwini wake akhoza kundisenda wamoyo. Tsopano ndikuona kuti sankanama."

"Anavala chiyani?"

"Malaya a buluu, manja ake obowokabowoka, timabowo tating'ono ngati tinaboola ndi ndudu. Maso ofiira, koma osati a mowa, a mowa ndimawadziwa. Zala zake ngati mipini. Mayi, chonde, batire zikuphwanyika."

Ndinadzuka. Sindinadzuke chifukwa cha batire zake, miyendo inangondiimiritsa yokha.

Makiyi a nyumba yanga analipo atatu. Wanga, wa mwana, ndi wa malemu, amene ankakhala m'kathumba ka m'bokosi la zida. Chitseko chonyamula ndi bondo anachipachika ndi anthu awiri, mkulu ndi mng'ono wake, ndipo chinapendekeka tsiku lomwelo akukangana kuti wolakwa ndani. Mluzu wokwera kawiri n'kutsika anautengera kwa bambo awo, onse awiri. Ndipo timabowo ta moto pa malaya ndi ta munthu wowotcherera zitsulo.

Wailesi sanapenge. Wopusa ndinali ine.

*

Mlamu wanga amawotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Ndinamupeza atawerama pa geti, nkhope ili m'chigoba chakuda, moto ukuthetheka. Ndinapita kukhoma n'kuzimitsa swichi.

"Ndani ameneyo akuse..." Anakweza chigoba. "Alamu."

Zaka ziwiri osayankhulana. Anali atawonda, ndipo pachibwano panali patayamba imvi, malo omwewo pamene zinayambira mkulu wake. Zimenezo zinangondiwonjezera ukali.

"Bokosi la zida silinakukwaneni? Mwabweranso kudzaba ntchito ya mwana wolumala?"

"Musamutchule choncho mwanayo."

"Ndimutchula mmene ndifunira, ndinabereka ndine. Tulutsani!"

Ndinkayembekeza kuti akana, ndipo mawu oti ndimuyankhe ndinali nditawanola m'basi monse. Sanakane. Analowa m'kashedi kake, n'kutuluka atanyamula bokosi labuluu lokulungidwa tepi yakuda pachogwirira. Tepi imeneyo anakulunga ndi mwamuna wanga. Bokosilo linalibe dzimbiri ngakhale pang'ono, linkanunkha mafuta. Analitsegula. Zida zonse zili m'malo mwake, ndipo pamwamba, m'kansalu koyera, amapasa athu ndi timadontho tawo. Wina wathanzi, wina wagweluka mano.

"Ndinabwera kudzabweza bokosili," anatero. Mlamu wanga amayankhula ngati mawu amagula. "Mwana anandiuza pafoni kuti akupanga kompyuta. Akuti akumanga masikuluwu ndi mpeni wa kukhitchini. Ndinati nthawi yakwana. Ndinasankha tsiku loti inu kulibe."

"Chifukwa?"

"Chifukwa ndimakuopani, alamu."

"Mumachita bwino. Pitirizani."

"Ndinaona zinthu zili patebulo. Achimwene ndinkawaona akulowetsa timatabwa timeneti, ankangoti tsa. Ndinati mwana akabwera apeze ntchito yayambika. Adziwe kuti bambo ake aang'ono aliko. Koyamba kanakana. Ndinakanikiza." Anatambasula manja ake, akuda, a zipsera, zala zosapindika bwino. "Kanati thyo. Kani ndinali nditatembenuza."

"Ndiye munathamangira kudepoti."

"Eee."

"Atsopanowo atakana, tupa."

"Geti likakana kulowa m'felemu timapala, alamu. Ndinati n'chimodzimodzi. Analowa bwino ndithu. Ndinayesa kawiri, ndinawabwezera m'timatumba."

"Analowa bwino! Mukudziwa kuti mwina mwatentha bolodi lonse? Mukudziwa kuti mwanayo ali ndi mayeso Lolemba?"

Anakhala pansi, pa geti la eni ake. Za bolodi sankadziwa. Ndinaona nkhope yake ikugwa, ndipo sindinakondwe mmene ndinkaganizira kuti ndikondwa.

"Bwanji simunanene?"

"Ndinabwera ndi bokosi ngati munthu, ndinabwerera nalo ngati wakuba. Ndikanalisiya mukanadziwa kuti ndinalowa."

"Wakuba munali kale. Poyambapo munalitengeranji?"

Anandiyang'ana koyamba m'maso.

"Mwaiwala zimene munanena pamaliro? Munati zitsulo izi ndi zimene zawapha, mawa ndikaziponya m'chimbudzi. Munalumbira, anthu akumva. Achimwene ankati bokosi ili ndi la mwana, ndiye ali ndi mutu wake. Ndinalichotsa kuti mtima wanu uyambe wazizira. Ndinabwera katatu kudzafotokoza. Koyamba munandithira madzi otsukira mbale. Kachiwiri munandigenda ndi ayironi."

"Inali yozizira."

"Kachitatu ndinabwerera pamsewu."

Ndinanenadi mawu amenewo. Sindikana. Ndipo ndikanaponyadi, ndimadzidziwa. Zaka ziwiri ndakhala ndikudontheza kyutekisi pa masupuni kuopa munthu amene ankapaka mafuta zida za mwana wanga. Koma musaganize kuti ndinapepesa. Tupa pa ramu ndi tupa pa ramu.

"Nyamulani bokosilo," ndinatero. "Mukaonerere nokha zimene mwachita."

*

Tinapeza mwanayo atalongedza zonse m'katoni, katoniyo ataikankhira pansi pa bedi ndi ndodo.

"Tulutsa," ndinamuuza.

Anaona bambo ake aang'ono ataima pakhomo, bokosi lili paphewa, mutu uli pansi. Ndinamupatsa kansalu koyera kaja ndi mawu ochepa. Anamvetsera mpaka kumapeto. Anayang'ana wothyokayo, anayang'ana wopalidwa uja, kenako bambo ake aang'ono.

"Bambo aang'ono. Tupa?"

"Mwana wanga, ine..."

Anaphulika kuseka. Anaseka mpaka ndodo inagwa, mpaka misozi imene anaikaniza m'mawa inapeza njira. Kenako anatsegula bokosi labuluu, n'kutulutsa sikuludiraiva ya chogwirira chachikasu. Anaigwira kanthawi.

Anayala bolodi, analumikiza mawaya, n'kutenga wamapasa wotsalayo.

"Mmodzi yekha angagwire?" ndinafunsa.

"Angagwire, ngati bolodi lili moyo. Izichedwako, koma kutaipa sikufuna liwiro." Anayang'ana kampata, anayang'ana kachitunda, n'kukanikiza ndi zala ziwiri zokha. Tsa.

"Choncho basi?" anatero mlamu wanga, mawu ake osamveka bwino.

"Choncho basi, bambo aang'ono. Chikakana, ndiye kuti chikukuuzani kanthu."

Pawindo panali patadzaza kale nkhope ya Wailesi, ndi kasitomala wake kumbuyo, mutu theka woluka theka ayi.

"Ndiye mzimu uja ndi umenewu?" anatero. "Ine kuphwetsa ketulo yanga chifukwa cha wowotcherera?"

"Tsekani wailesiyo," ndinatero.

Mwanayo anadina batani. Fani inayamba kuzungulira. Ndinagwira m'mphepete mwa tebulo. Sikirini bii. Ndinawerenga mumtima mpaka faifi.

Pii.

"Yaliranso," anatero mlamu wanga, n'kugwira mutu ndi manja onse awiri.

"Dikirani," anatero mwanayo.

Tinadikira yachiwiri. Sinabwere. Pa sikirini panatuluka zilembo zoyera, mzere umodzi, kenako wina, kenako yambiri.

"Katatu ndi kudandaula," anatero mwanayo. "Kamodzi ndi moni."

Wailesi anaimba nthungululu pawindo ngati pali ukwati. Mlamu wanga anatembenukira kukhoma, akuti m'maso mwalowa fumbi. Ine ndinakhala pampando.

"Amayi," anatero mwanayo, maso ali pa sikirini, "mukanapambana inu pa makani aja, n'kugula imodzi yaikulu, bwenzi pano..."

"Khala chete, yamba kutaipa."

Mlamu wanga anapisa m'thumba, n'kuika kiyi patebulo. Kiyi wa malemu, ndi kawaya kofiira kamene ankamangirirako. Anayamba kubwerera m'mbuyo kulowera kukhomo.

"Imani pomwepo."

Ndinatenga botolo la kyutekisi pa makina. Ndinadontheza pa bokosi labuluu. Kenako ndinadontheza pa kiyi, ndinauzira kuti aume, n'kumuponyera. Anawakha ndi manja awiri.

"Chilichonse chokhala ndi kadontho ndi cha nyumba ino. Mukataya mudzandidziwa. Mukabwera muzigogoda ngati munthu, ndipo tupa muzisiya panja. Mwezi ukatha, kwa Pulofesa kukufika amapasa ena. Mukapita ndinu, ndi mwanayu, ndipo inu mukakhale chete."

"Chabwino, alamu."

"Chitseko ichinso mudzakonze. Munachipendeketsa ndinu."

"Anali achimwene."

"Tulukani!"

Lolemba eyiti koloko makina anga osokera anali chete. Wailesinso anali chete, chifukwa mlamu wanga anatseka shedi yake n'kudzakhala pa ndowa kutsogolo kwa khonde la Wailesiyo, manja atapinda. Ine ndinakhala kukhitchini, chitseko chili chotsegula pang'ono. Ndinkaona msana wa mwanayo wokha, ndi zomvera m'makutu zili kumutu. Kiyibodi inkalira ngati mvula pamalata, kuima pang'ono, n'kuyambanso.

Patapita ola limodzi ndinamva kanthu kena pansi pa phokosolo. Ndinasuzumira panja. Mlamu wanga pakamwa panali potseka, nayenso atatchera khutu. Unali mluzu, wapansipansi, wokwera kawiri n'kutsika, ukuchokera kwa mwanayo, ndipo mwini wake sankadzimva n'komwe.

Anthu a banja limenelo ndakhala nawo zaka makumi atatu. Mluzu umenewo amaimba pokhapokha ntchito ikuyenda.